Za Kumunda: Phiri Lodulidwa ndi Njanji

Sabata yatha tinakambirana za kukumba nkhuti za manyowa. Lero ndifuna kuti tiike khasu pansi pang'ono, tipite limodzi ku njanji. Wina adzati, "Kodi Mlangizi wathu wasokonezeka? Njanji igwirizana bwanji ndi chimanga?" Dekhani, abale anga, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Inu a kuno ku Mwanza mukumbukira bwino chaka cha 2012, pamene inayamba nchito yolambula njira ya sitima ya pamtunda. Njanjiyo ichokera ku migodi ya malasha ya ku Moatize, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, nilowa m'dziko lathu pa Kachaso m'boma la Chikwawa, nidutsa kuno ku Mwanza ndi ku Neno, nikakomana ndi njanji yakale pa Nkaya ku Balaka. Kuchokera pa Kachaso kufika pa Nkaya pali makilomita oposa 130, ndipo ulendo wonse kufikira ku nyanja ya mchere ku Nacala uposa makilomita 900. Mwini nchitoyo anali kampani ya Vale ya ku Brazil, imene inagulitsa mgodi ndi njanji yomwe kwa kampani ya Vulcan m'chaka cha 2022.

Tsono sitima yolemera siingathe kukwera chitunda monga ichitira galimoto. Ifuna njira yosalala. Chotero pamene panali chigwa anathirapo dothi kapena kumanga mlatho, ndipo pamene panali phiri analidula pakati monga mai adula dzungu ndi mpeni. Malo odulidwawo ine ndiwatcha mipata ya njanji. Uku khoma, uku khoma, sitima ipita pakati. Makolo athu anakhala pa mapiri amenewa zaka zosawerengeka osaona za m'kati mwake. Ife taziona, koma ambiri timangodutsa osafunsa kanthu.

Ndinene zoona, inenso ndinali wotero. Zaka zingapo ndinali kuyenda m'midzi kulalikira za kukokoloka kwa nthaka, anthu nabvomera ndi pakamwa, koma mizere ya m'minda yao inali yolunjikabe kumtsinje. Tsiku lina chirimwe chatha tinali kuchokera ku munda wa chitsanzo ndi alimi a kalabu ina, ndipo njira yathu inatifikitsa pamwamba pa mpata wina. Tinaima patali ndithu, tikuyang'ana khoma la tsidya lina. Gogo wina wamwamuna, amene sakonda kulankhula pa misonkhano, analoza ndi ndodo yake nati, "A Mlangizi, kodi kadothi kakuda kali pamwambako ndi kamene timalimako?" Ndinati, "Inde, agogo, ndi komweko." Iwo anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Ine ndimayesa kuti dothi lipitirira mpaka pansi osatha. Kani tikudya pa chikopa chokha!" Mau amenewo anaposa maphunziro anga onse a zaka zija.

Tiyeni tsono tiliwerenge khomalo kuyambira pamwamba.

Poyamba pali dothi loderapo, lodzaza ndi mizu ya udzu. Pamene tinaima ife linali lochindikala ngati chikhato chimodzi, pena osakwana. Umu ndimo muli chonde. Masamba obvunda, manyowa, nyongolotsi ndi tizirombo tina tosaoneka ndi maso ziri m'menemu, ndipo mizu yambiri ya chimanga idya m'menemu.

Pansi pake pali katondo, dothi lofiira lija timaumbira njerwa. Limasunga madzi, ndipo mizu ya nandolo ndi ya mitengo imafikamo, koma chakudya cha mbeu ndi chochepa. Munda umene mvula yachotsa dothi lakuda umafiira, chifukwa mwiniwake alikulima pa katondo. Munthu wotere amathira feteleza thumba ndi thumba nadandaula kuti feteleza wa masiku ano alibe mphamvu, chonsecho bvuto liri pa nthaka. Pena m'katondomo muona kamzere ka timiyala toyera. Mukayamba kugunda timiyala timeneti ndi khasu popanga mizere, dziwani kuti munda wanu wapyapyala.

Kutsika apo pali mwala wofumbutuka. Maonekedwe ake ndi a thanthwe, koma mukaufinya m'manja unyenyeka ngati chigumu chouma. Uwu ndi mwala umene madzi a mvula akhala akuufewetsa pang'onopang'ono kuti usanduke dothi. Apa ndi pamene nthaka ibadwira. Mukadzayang'ana khomalo mvula itangotha mudzaona kuti pena lanyowa pamene mwala wofumbutuka ukomana ndi wolimba. Madzi a zitsime ndi a mijigo yathu amakhala m'menemo ndi m'ming'alu ya thanthwe. Madzi amene athamanga pamwamba pa munda kunka kumtsinje safika kumeneko, n'chifukwa chake mudzi wodula mitengo umayamba kuuma zitsime.

Pansi penipeni pali thanthwe lolimba la mizeremizere yakuda ndi yoyera, yopindikapindika ngati nsalu yofinyidwa. Muli misempha ya mwala woyera, ndiponso tinthu tonyezimira ngati mamba a nsomba, timene ana amayesa golide. Si golide iai, akatswiri a miyala atitcha mica.

Akatswiri a nthaka anena kuti pafunika zaka mazana angapo kuti thanthwe lipange dothi lochindikala ngati chala chimodzi chopingasa. Nanga kutha kwake? A bungwe la FAO pamodzi ndi Boma lathu anayesa, napeza kuti m'chaka cha 2014 dziko la Malawi linali kutaya dothi lokwana matani 29 pa hekitala pa chaka, tikaphatikiza malo onse. Amenewo ndi matumba 580 a makilogalamu 50, kapena matumba oposa 230 pa ekala imodzi. Munthu atabwera usiku kudzatuta matumba otere m'munda mwanu, mudzi wonse ungadzuke ndi zibonga. Koma mvula ituta masana ife tikuona, chifukwa dothi limenelo likayalidwa pa munda wonse lichindikala ngati ndalama yachitsulo chabe, ndipo diso siliona. Pa minda yotsetsereka ngati yathu ya ku Thambani ndi kwa Nthache, yopanda akalozera, chotayika chingathe kuposa apo. Mukumbukiranso namondwe wa Freddy m'mwezi wa March 2023, pamene dothi la pa phiri la Soche ku Blantyre, ndi la mapiri a ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe, linakhuta madzi nilitsetsereka pa thanthwe, nilikwirira nyumba ndi anthu. Woyang'ana khoma la mpata wa njanji sabvutika kumvetsa m'mene zinachitikira.

Tsopano tinene za miyala yeniyeniyo. Mnyamata wina wa sukulu anandibweretsera mwala umene anatola pafupi ndi mseu. Pa mwalapo panali chithunzi chakuda cha nthambi zing'onozing'ono ngati kamtengo. Anati aphunzitsi anawauza kuti zomera ndi nyama zakale zimasanduka miyala, ndipo iye anayesa kuti wapeza chimodzi. Ndinamyamikira chifukwa cha maso ake akuthwa, koma ndinamuuza kuti sichinali chomera. Ndi madzi okhala ndi mchere wakuda wotchedwa manganese amene analowa mu mng'alu wa mwala nauma, nasiya chithunzi chotero. Thanthwe la mizeremizere la mapiri athu a Mwanza ndi lakale koposa, la zaka zoposa 500 miliyoni monga awerengera akatswiri, ndipo linaphikidwa ndi kutentha kwa pansi pa dziko monga njerwa mu uvuni. M'mwala wophikidwa chotero simutsala tsamba kapena pfupa.

Miyala yosunga zamoyo zakale ndi ya mtundu wina, yosanjikana ngati mphasa. Taganizani za mtsinje wa Mwanza ukasefukira. Madzi akabwerera amasiya mchenga pansi, matope pamwamba. Chaka china ayalanso pamwamba pake. Tsamba logwera m'matopemo, kapena nyama yofera m'menemo, ikwiririka mpweya osaifika, ndipo patapita zaka zambirimbiri matope aja auma nasanduka mwala, chithunzi cha tsamba chiri m'kati. Wapansi ndiye wamkulu, wapamwamba ndiye wamng'ono, monga muyalo wa pansi pa nkhuti ya manyowa ndiwo unayamba kuikidwa.

Miyala yotere siiri kutali ndi ife. Iri kumunsi kwathu m'boma la Chikwawa, cha ku Lengwe, ndi ku Mwabvi m'boma la Nsanje, kumene kulinso malasha pansi pa nthaka. Iri ku Moatize kumene njanji iyambira. Malasha amene sitima ipita nawo pakhomo pathu usana ndi usiku ndi nkhalango za m'madambo zimene zinakwiririka zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo. M'miyala yokhala pamodzi ndi malasha a mbali ino ya Africa mumapezeka zithunzi za masamba a mtengo wina umene unatha kale, ooneka ngati lilime. Dzina lake ndi Glossopteris. Chodabwitsa n'chakuti masamba omwewo apezeka m'miyala ya ku India, ku Australia, ku South America, ngakhale ku Antarctica, dziko la madzi oundana kumene lero sikumera mtengo. Mbeu ya mtengo siingaoloke nyanja zazikulu zotero. Ichi ndi chimodzi cha zinthu zimene zinatsimikizira akatswiri kuti maiko onsewa anali dziko limodzi kale, lisanang'ambike.

Kumpoto kwa dziko lathu nkhaniyi ndi yaikulu kuposa apa. M'zaka za m'ma 1920 ku Mwakasyunguti m'boma la Karonga kunapezeka mafupa akulu osanduka miyala. Dr. Frank Dixey, amene anali mkulu woyang'anira za miyala m'dziko muno masiku amenewo, anakafufuza malowo, ndipo mafupawo analembedwa m'mabuku a akatswiri m'chaka cha 1928. Patapita zaka zambiri, gulu la Dr. Louis Jacobs wa ku America pamodzi ndi a Dipatimenti yathu yoona zinthu zakale anakumbanso kumeneko, ndipo m'chaka cha 1993 chinyamacho anachitcha Malawisaurus dixeyi. Chinali chodya masamba, cha khosi lalitali ndi mchira wautali, ndipo chinakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Mmodzi wa amene anagwira nchitoyo ndi mai wa Chimalawi, Dr. Elizabeth Gomani, amene m'chaka cha 2005 analemba za chinyama china nachitcha Karongasaurus. Ku Uraha, m'boma lomwelo, m'chaka cha 1991 kunapezeka chibwano cha mtundu wa anthu akalekale, cha zaka zoposa 2 miliyoni. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Karonga inatsegulidwa m'chaka cha 2004, ndipo alendo ochokera maiko akutali amapita kukaona. Zinthu zimenezi zikanagwa m'manja mwa munthu wosasamala, bwenzi zitaswedwa kukhala miyala ya maziko a nyumba, dziko osadziwa kanthu.

Nanga anzathu a maiko ena amachita bwanji ndi mipata yao? Ku England kunali munthu wina dzina lake William Smith, mwana wa mmisiri wosula zitsulo wa pamudzi, wosafika ku sukulu zapamwamba. Nchito yake inali yoyeza njira za ngalande zonyamulira malasha. Poyang'ana makoma a ngalandezo anazindikira kuti miyala isanjikana mwa dongosolo lomwelomwelo kuli konse, ndi kuti muyalo uli wonse uli ndi zigoba zakezake za nkhono zakale. M'chaka cha 1815 anatulutsa mapu oonetsa miyala ya dziko lake, amene akutchuka mpaka lero. Pambuyo pake kunadza njanji, ndipo mapiri ambiri anadulidwa. Pa mudzi wa Roade, m'chigawo cha Northamptonshire, pali mpata wautali wa njanji yochokera ku London kunka ku Birmingham, imene anamanga Robert Stephenson niitsegulidwa m'chaka cha 1838. M'makoma ake muli zigoba za zamoyo za m'nyanja za zaka zoposa 160 miliyoni, chonsecho malowo lero ali pakati pa dziko, kutali ndi nyanja. Kuyambira m'chaka cha 1949 dziko limenelo liri ndi lamulo lolemba malo otere m'kaundula, ndipo mpata wa pa Roade ndi umodzi wa malo olembedwawo. Sitima zikuyendabe, koma ngakhale mwini malo sangachite kanthu koononga makomawo popanda chilolezo. Chifukwa chake n'chakuti kukumba phiri n'kodula kwambiri, ndipo palibe amene angalikumbe kuti ana a sukulu aone chabe. Pamene lakumbidwa kale, n'kwanzeru kusunga.

Ifenso tiri ndi lamulo lathu, lotchedwa Monuments and Relics Act, la m'chaka cha 1990. Liteteza malo ndi zinthu zakale, monga mafupa osanduka miyala, zida za makolo ndi zojambula za m'mapanga zonga za ku Chongoni m'boma la Dedza. Zinthu zotere si za munthu mmodzi, ndi za dziko lonse. Wozipeza ayenera kudziwitsa Boma, ndipo n'koletsedwa kuzitulutsa kunja popanda chilolezo. Ife a m'malire tiyenera kusamala koposa, chifukwa amalonda odutsa pa chipata cha Mwanza ndi ambiri.

Tsono ndikupemphani zinthu izi:

1. Musalowe m'kati mwa mpata wa njanji, ndipo muwaletse ana ndi abusa a ng'ombe. Sitima ya malasha ikoka mabogi ambiri olemera, siingathe kuima msanga, ndipo pakati pa makoma awiri palibe pothawira. Yang'anani muli patali. Aphunzitsi ofuna kuonetsa ana ayambe apempha kwa eni njanji, kapena apite nao pamene mseu unadula chitunda, pakuti zooneka ndi zomwezo.

2. Musaswe miyala ya kwale m'makoma a mpata, ndipo musakumbemo dothi la njerwa. Khoma logobedwa kunsi limagwa nthawi ya dzinja, ndipo lingathe kugwetsa sitima kapena kukwirira wokumbayo.

3. Musalime kufika pamphepete pa mpata. Siyani udzu ndi mitengo kuti zigwire dothi, ndipo musatenthepo moto. Ngalande zimene anakonza pamwamba pa makoma musazitseke ndi zinyalala kapena mapesi.

4. Mukapeza mwala wooneka ngati pfupa, dzino, chigoba, tsamba kapena chipika cha mtengo, kaya pokumba chitsime, kaya m'chigwembe, kaya pa ulendo wa ku Chikwawa, musauswe, musaupere kukhala mankhwala, ndipo musaugulitse. Usiyeni pomwepo, ikani chizindikiro, kauzeni amfumu. Amfumu adzauza Bwana D.C., amene adzadziwitsa a Museum ya ku Chichiri ku Blantyre kapena a Geological Survey ku Zomba. Katswiri afuna kuona muyalo umene chinthucho chinagonamo, pakuti ndiwo unena zaka zake. Chikachotsedwa pamalo pake chiri ngati kalata yopanda dzina la mwini.

5. Dzikumbireni mpata wanuwanu. Sabata ino kumbani dzenje lofika m'chiuno kumtunda kwa munda wanu, lina kumunsi. Yesani ndi chikhato dothi lakuda pa maenje onse awiri. Ambiri mudzapeza kuti la kumtunda lachepa, la kumunsi lachuluka, ndipo mudzadziwa nokha kumene chonde chanu chikupita. Inu ofuna kubzala manachesi, dzenje limeneli likuuzani ngati malowo ayenera. Mukagunda thanthwe musanafike m'mawondo, funani malo ena, chifukwa mtengo udzakula zaka zochepa kenaka n'kuyamba kuuma nsonga. Pokumba maenje obzalamo ikani dothi lakuda mbali ina, katondo mbali ina, ndipo pokwirira yambani ndi lakuda losakaniza ndi manyowa.

Mukaona m'mene dothi lanu lachepera, mankhwala ake mukuwadziwa kale. Mizere ikhale yopingasa chitunda, yotsata akalozera. Pa akalozerapo bzalani udzu wa vetiva mvula ikakhazikika. Pangani ngonyeka kuti madzi aime m'munda nalowe pansi. Mapesi musatenthe, kwirirani kapena yalani pamwamba. Bzalani nandolo pakati pa chimanga. Zigwembe zitsekeni zikali zazing'ono, pakuti chigwembe chimene mwana alumpha chaka chino chidzameza ngolo zaka zisanu zikudzazo.

Gogo uja ndanena poyamba anandiitana mwezi watha kuti ndikawathandize kuyeza akalozera m'munda mwao. Sindinawakakamize iai. Anati afuna kuti adzukulu ao adzapeze polima. Tinagwira nchitoyo masiku awiri, ndipo anansi ao atatu anabwera kudzaonerera, napempha kuti tipitenso kwao. Wofuna chithandizo chotere auze Mlangizi wa dera lake msanga, mvula isanagwe, chifukwa mizere ikapangidwa kale n'kobvuta kuitembenuza.

Sabata ya mawa tidzakambirana za kusankha mbeu ndi kuyesa ngati idzamera. Tsalani bwino.

Ine wanu,
Mlangizi wa Malimidwe, Mwanza.